Masitepe a Pakati pa Mapolo

Lolemba, 3 Malichi

Miyeso ya msewu wathu, kuchokera pageti kukafika pamphambano:

Kutambalala kwa msewu, ngalande mpaka ngalande: mamita 7 ndi masentimita 20
Kutalika kwa geti lathu: masentimita 165
Kuchokera pansi kufika m'maso mwanga, nditavala nsapato zafulati: masentimita 148
Nyumba: kumanja 9, kumanzere 11, zonse 20
Mawindo oyang'ana kumsewu: 47 (osweka 3)
Mapolo a magetsi: 7, kuyambira pageti pathu
Sitepe yanga imodzi: masentimita 65
Polo 1 mpaka 2: masitepe 62
Polo 2 mpaka 3: 63
Polo 3 mpaka 4: 68
Polo 4 mpaka 5: 75
Polo 5 mpaka 6: 86
Polo 6 mpaka 7: 97
Onse pamodzi: masitepe 451. Kuchulukitsa ndi 65: mamita 293 ndi masentimita 15.

Mzime mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko, ndipo ukudya pa nthawi yake. Kuno ndili bwino. Kalata yako inayenda masiku 13. Ana a anzanga akalemba amapempha ndalama, iwe ukupempha masentimita. Ndi awo pamwambapo.

Ndifotokoze mmene ndagwirira ntchitoyi, kuti ukapeza chokayikitsa udziwe pofunsa. Tepi ndinabwereka kwa Atelala a nyumba yachiwiri aja, koma ndi ya mita imodzi ndi theka, yoyezera ziuno za anthu. Ndinayeza nayo geti ndi kutambalala kwa msewu. Kutalika kwake sindikanatha, ndikanakhala ndikugwada mpaka Loweruka. Choncho m'mawa, nditangomwa tiyi, ndinayenda masitepe khumi pakhonde n'kuyeza: masentimita 650. Ndinabwereza katatu, yankho lomwelo. Kenako ndinatuluka ndi kope ndi pensulo.

Atelala atandiona ndikulemba ndili chiimire pamsewu anafuula ali pamakina awo: "Aphunzitsi, mwayamba ntchito kwa amagetsi? Mukawauze kuti dzulo anazimitsa ndili pakati pa diresi la mwini wake!" Ndinati, "Musandilankhulitse, ndili pa 38." Iwo amvekere, "39, 17, 90!" Munthu wa zidzukulu zisanu ameneyo. Ndinabwerera pageti n'kuyambiranso.

Tsopano nkhani ina. Mchimwene wako wamaliza kumanga chipinda chija kuseri kwa nyumba yake. Wapaka penti wachikasu, waikanso chitsulo chogwira m'bafa ngati kuchipatala. Akuti ndisamukire kumeneko chaka chisanathe. Ndamuuza kuti m'nyumba muno ndakhalamo zaka 41, malemu bambo ako ndinawasamalira momwemuno, ndipo m'bafa sindinagwemo. Iye akuti tidikire mawu ako, popeza ana anga ndinu awiri. Ndiye ndikukuuza: ndili ndi zaka 74, ndimadziphikira, ndimadzichapira, ndipo lero ndayenda mamita 293 ndikuwerenga. Umuuze andisiye.

Undiuzenso kuti manambalawa uchita nawo chiyani. Mmene ndinkadziwira ine, zojambula zimafuna pensulo, osati masamu.

Ine mayi ako

*

Lachisanu, 21 Malichi

Amayi anga okondedwa,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Inenso ndili bwino, ndipo inde, ndikudya. Za Atelala ndinaseka ndekha muofesi mpaka mnzanga wa tebulo loyandikana anandifunsa ngati ndakwezedwa pantchito. Kodi foni yanu mukuisungabe m'kabati? Ndinaimba kanayi.

Mwafunsa za manambala. Kuntchito kuno ndimajambula matauni pakompyuta, oika m'mabuku ndi m'masewera a pafoni. Matauni ake ndi ongopeka. Ndatopa kujambula misewu imene sindinapondemo. Ndikufuna ndijambule wathu.

Ndisanajambule nyumba ngakhale imodzi, ndimayamba ndayala ukonde wa mizere. Choyamba ndimalemba mzere wopingasa pa msinkhu wa maso a munthu woonayo. N'chifukwa chake ndinapempha maso anu, 148 uja. Ndikufuna msewu uoneke mmene mumauonera inu mukaima pageti. Pamzere umenewo ndimaika kadontho kamodzi, kutali kumene msewu umaoneka ngati wathera. Mizere yonse yopita kutsogolo, ya ngalande, ya madenga, ya mawaya, imakakumana pakadonthoko. Kenako ndimadula ndi mizere ina kuti pakhale mabokosi, lililonse mita imodzi. A pafupi amakhala aakulu, akutali amanka nachepa, motsatira lamulo losasintha. Mukanalikonda lamulo limeneli, Amayi. Ukonde ukalakwika, chithunzi chonse chimanama, ngakhale upake mitundu yokongola chotani.

Nyumba zikaima ndimafufuta ukondewo, n'kuthira nkhungu ya m'mawa, utsi ndi fumbi pang'ono, kuti zakutali zizizimiririka. Mawindo anu 47 aja adzaoneka mwina 15. Musakwiye, otsalawo adzakhala alipo ndithu, kungoti ali m'nkhungu.

Koma pali vuto. Ndaimika mapolo paukonde motsatira manambala anu, ndipo sakukhala bwino. Mapolo akutali amayenera kuthithikana. Anuwa akutalikirana, ndipo msewu ukuoneka ngati wina waukoka kumapeto ngati labala. Pakati pa 1 ndi 2 pakutuluka mamita 40, pakati pa 6 ndi 7 pakutuluka 63. Kodi Atelala sanakusokonezeninso kachiwiri? Mungandiwerengerenso?

Za kusamuka, ndawauza achimwene pafoni kuti munthu woyenda msewu wonse kope lili m'manja sakufunika chitsulo m'bafa. Ndili mbali yanu.

Mwana wanu,
Mzime

*

Lachitatu, 9 Epulo

Mzime,

Ndili bwino. Foni ili m'kabati, pamalo pake. Nambala yonena pakamwa imauluka, yolemba imakhala.

Ndinaphunzitsa masamu zaka 36. Ana amene anadutsa m'manja mwanga akupitirira 2,900, ena lero ndi a mabanki, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anandiuzapo kuti ndiwerengenso. Woyamba ndiwe, mwana wobereka ndekha.

Komabe ndinawerenganso Lachinayi, Atelala atapita kukagula ulusi. Ndinapeza 62, 64, 68, 77, 88 ndi 99, onse pamodzi 458. Kusiyana kwake ndi koyamba kuja ndi masitepe 7, kosakwana awiri pa zana. Ndiye manambala anga alibe mlandu. Ngati mapolo akutalikirana, funsa amene anakumba maenje. Ndinawaona chaka chimene ankaimika. M'mawa anayamba ali ndi tepi, pofika masana anali ndi njala. Apo ayi funsa kompyuta yakoyo.

Ndathokoza kuti unamuyankha mchimwene wako. Koma pali china chimene chandikhala pamtima. Lamlungu kunabwera mpongozi wanga kudzandiona. Akupukuta mbale, zimene ndinali nditapukuta kale, ananena kuti, "Amayi, kuchipinda kwanu kuja khoma limodzi talisiya lopanda kanthu. Mudzapachikapo chithunzi cha alamu chija." Ine ndinangoti, "Oo."

Ndiye ndi zimenezo kodi? Pakamwa uli mbali yanga, kuseri mwapangana kuti mundichotse mumsewu n'kundipatsa msewu wa papepala? Wankhungunso, wa mawindo 15? Ngati ndi choncho ndiuze poyera. Ndiye kuti mwandituma kuti ndiyeze ndekha chondisamutsira, ine n'kumabwereza katatu kuti chikhale cholondola.

Undiyankhe.

Mayi ako

*

Lachinayi, 10 Epulo

Mzime,

Amayi andipatsa kalata yawo kuti ndikaponye, ndiye ndalowetsamo kanga. Ukudziwa kuti ine ndi cholembera sitimwerana madzi, ine ndi wa zitsulo. Koma pafoni umandidula pakamwa, papepala sungathe.

Wandigulitsa, mlongo wanga. Iwe uli kutali ukuona manambala, ine kuno ndikuona munthu. Za khoma zija mlamu wako analankhula yekha. Mtima ndi wabwino, pakamwa ndi pothamanga. Palibe chimene tinapangana, iwenso ukudziwa.

Chithunzi unapempha chija ndakutumizira pafoni. Ndinajambula nditaima pageti, foni nditaitsitsa kufika pa 148 wakoyo. Anthu amaona ngati ndikuzembera nkhuku ya mwini.

Mapolo amenewa ndimawadziwa, zitsulo za nyale zija ndinawotcherera ndine. Sindinawayezepo, koma waya wa mtundu umenewu sungalumphe mamita 63 osalendewera pamitu ya anthu. Amayi ndawauza, akuti ndinapeza 44 pa masamu ndiye ndikhale chete.

Tsopano mvera. Loweruka ndinawapeza atakhala pabenchi la Atelala, kachikwama ka zogula kali pansi. Ndinati, "Amayi, mwatopa?" Akuti, "Ndikuwerenga magalimoto." Ndinati, "Adutsa angati?" Anangoyang'ana kumbali. Mzime, amayi athu omwewa, kufunsidwa nambala osayankha? Ndiponso nsapato zafulati zija asiya kuvala, akuyenda ndi patapata. Akuti zikuwotcha. Ine ndinaona mapazi, atupa.

Sindikufuna nyumba yawo, ndili ndi yanga. Ndikungoopa kudzawapeza tsiku lina chitseko chili chokiya m'kati.

Achimwene ako,
Chisamba

*

Lolemba, 19 Meyi

Mzime mwana wanga,

Ndili bwino. Lero ndi tsiku la 40 chilembere kalata yanga. Kupita ndi masiku 13, kubwera 13, onse 26. Masiku 14 otsalawo ndi ako, osati a positi.

Mchimwene wako wandifotokozera za khoma. Pamenepo ndinathamanga, ndipo ndapepesa. Pa manambala sindikupepesa.

Foni ndaitulutsa m'kabati, ili patebulo. Yalira kawiri, konse ndi anthu ofuna kundigulitsa zinthu.

Ulembe, ngakhale mizere itatu.

Mayi ako

*

(Iyi inalembedwa pa 12 Meyi, koma inandipeza pa 26 Meyi. Inasemphana ndi yanga panjira.)

Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Kalata ino ndaiyamba kanayi, kanayi konse n'kung'amba. Pepani kuti ndachedwa.

Choyamba, chithunzichi sichinali cha khoma la wina aliyense. Ndinasowa kwathu, basi.

Achimwene ananditumizira chithunzi cha pafoni cha msewu wathu. Ndinachiika pakompyuta n'kuyala ukonde pamwamba pake, mzere wa maso pa 148, kadontho pamphambano. Ngalande zinalowa m'mizere yake, madenga analowanso. Kenako ndinayang'ana mapolo. Onse asanu ndi awiri anakhala ndendende pa mabokosi makumi anayi, makumi anayi. Okumba maenje aja sanalakwitse, Amayi. Mipata yonse ndi ya mamita 40.

Inunso simunalakwitse kuwerenga. Ndinalakwa ndine kukufunsani zimenezo. Ngati munalemba 97, ndiye kuti munaponda ka 97. Koma mamita 40 ndi masentimita 4,000, ndipo 4,000 kugawa ndi 97 ndi 41. Pageti mumanyamuka ndi sitepe ya masentimita 65. Pamphambano mumafika ndi ya 41. Ulendo wachiwiri uja, patangopita mwezi umodzi, munafika ndi ya 40.

Tsiku limene ndinaona zimenezi sindinajambule kanthu. Ndinangokhala ndikuyang'ana mabokosi opanda nyumba aja, ndikukuonani mukuyendamo, kope lili m'manja, bokosi lililonse likukutengerani nthawi yaitali kuposa linzake. Abwana anga anadutsa n'kufunsa ngati kompyuta yafa. Ndinati yafa.

Ndinakuuzani kuti ndili mbali yanu, ndipo ndikadali komweko. Koma sindingawauzenso achimwene kuti akusiyeni. Mawu aja ndabweza. Ndikupempha kuti mupite kuchipatala sabata imene mulandire kalatayi, ndipo mukawaonetse adokotala mapazi anu, osawabisa pansi pa mpando.

Za kusamuka sindikulamulani. Mwini masamu ndinu. Ngati ndalakwitsa penapake, chongani ndi cholembera chofiira n'kundibwezera, ndidzakonza ngati kale.

Mwana wanu wokukondani,
Mzime

*

Lachisanu, 6 Juni

Mzime mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Mmene ndilili ine uwerenga m'munsimu.

Kalata yako ndinaiwerenga kamodzi n'kuitsekera m'kabati masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinaitenga pamodzi ndi cholembera chofiira. Ndinafuna pochonga, sindinapapeze. Kungoti 4,000 kugawa ndi 97 ndi 41.2, iwe unataya 0.2. Sizisintha kanthu, koma usazolowere.

Komabe umboni wako unachokera m'foni ya mchimwene wako, ndipo iye ali ndi mbali pa nkhaniyi. Ndinafuna umboni wangawanga. Ndinaganiza motere: ngati vuto ndi mapolo, mpata wa pakati pa 6 ndi 7 ukhalabe wautali ngakhale nditayambira komweko. Ngati vuto ndi ine, manambala atembenuka.

Choncho Loweruka m'mawa ndinaimitsa bambo wa galimoto ya buledi, ndinamuphunzitsa zaka ziwiri ameneyo, n'kumuuza kuti akanditule pamphambano. Anati, "Aphunzitsi, pamphambano pomwepa? Si apo pakuonekapo?" Ndinati, "Sindinakufunse mtunda." Ananditula. Ndinakhala pampando wa pagolosale mphindi 30 kuti ndiyambe ndili ndi mphamvu zonse, monga ndimayambira pageti. Kenako ndinanyamuka kulowera kunyumba.

Mpata woyamba, uja unali wa 97, ndinapeza 63. Pamenepo ndinadziwiratu yankho. Ndikanatha kutseka kope. Koma sindinalolepo mwana kusiyira samu panjira chifukwa choti waona kumene ikupita, ndiye ndinapitiriza.

Nditadutsa polo 2, geti langa ndikuliona apo, mpweya unakana. M'mbali mwa maso munayamba kuda. Ndinamva makina a Atelala asiya kulira, kenako dzanja lawo pamkono panga.

"Aphunzitsi, lero sindikusokonezani. Khalani pansi."

"Ndili pa 31," ndinatero.

"Ndakusungirani 31 wanuyo. Khalani."

"Muiwala."

Anatenga choko chawo chodulira nsalu n'kulemba 31 patebulo, wamkulu ngati wa pabolodi. "Ndi uyo. Sathawa." Ndipamene ndinakhala. Anandipatsa madzi, n'kutenga foni kuimbira mchimwene wako osandifunsa. Ndinati, "Ndani wakutumani?" Iwo anati, "Ndakhala ndikukuonani pawindo ili kuyambira Januwale. Kale ndikayamba kusoka mpendero inu mukudutsa, ndinkamaliza muli pamphambano. Masiku ano ndimamaliza, n'kuika zipi, inu mukadali pakati panjira." Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze. Anati, "Kuuza inu? Ine ndili ndi zidzukulu zondidalira."

Lolemba tinapita kuchipatala. Dokotala wake ndi wamng'ono kuposa iwe. Anadina phazi langa ndi chala, chibowo chinatsala. Anati mtima sukupopa mokwanira, ndiye madzi akutsalira m'thupi. Anati mankhwala alipo ndipo amathandiza, koma si matenda okhala nawo wekha m'nyumba. Atafunsa kuti zinayamba liti, ndinamupatsa kope. Analiwerenga tsamba ndi tsamba, n'kuitana anamwino kuti adzaone.

M'kope lomwelo, kumasamba akumbuyo, muli zina zimene sindinakuuze. Mapilo: m'Januwale ndinkagonera imodzi, m'Malichi awiri, pano atatu. Ndowa ya madzi: kale yodzaza, kenako theka. Kusesa pabwalo: mphindi 15, kenako 25, kenako masiku awiri. Zonse ndinalemba pa tsiku lake, mwaukhondo. Ndinkawerenga chilichonse, mwana wanga, kungoti sindinkaphatikiza.

Pobwera kuchipatala, tili m'galimoto, ndinamuuza mchimwene wako kuti ndibwera. Ndinkadikira kuti anene kuti "ndinanena ine". Tinadutsa maloboti awiri. Kenako anati, "Mashelefu a mabuku ndiwotcherere angati?" Ndinati anayi. Anati, "Ndipanga asanu, mumabisa ena." Anapukuta m'maso ndi mkono, akuti ndi fumbi la kuntchito.

Ndisamuka Loweruka pa 28 mwezi uno. Nyumba sitigulitsa ndipo sitiikamo munthu chaka chino. Ndanena, ndipo onse amva.

Ukonde wakowo ukonze. Uike 40 paliponse. Usandikomere mtima ndi msewu wabodza. Ukamaliza utumize, pokaika ndidzaona ndekha.

Loweruka, 31 Meyi, kuchokera pamphambano kubwerera kunyumba:

Polo 7 mpaka 6: masitepe 63
Polo 6 mpaka 5: 66
Polo 5 mpaka 4: 72
Polo 4 mpaka 3: 81
Polo 3 mpaka 2: 93
Polo 2 mpaka 1: 31, osamaliza
Onse pamodzi: 406
Msewu weniweni: mipata 6 kuchulukitsa ndi 40, mamita 240
Ine ndinalemba 293. Ndinaonjezera 53.

Lero, 6 Juni:

Mapiritsi: m'mawa 3, madzulo 1
Makatoni omanga kale: 8 (a mabuku 6, a zina 2)
Masiku otsala m'nyumba muno: 22
Makiyi a nyumba ino: 5
Ndapereka kwa mchimwene wako: 3
Kwa Atelala: 1
Wotsala: 1. Ali m'chikwama mwanga, ndipo musandifunse.

Ine mayi ako,
Mphunzitsi wa masamu, wopuma